Bokosi la ayisi m'boti la matanga: kulikonzera pomwepo kapena kulisamutsa

Maboti ambiri a matanga opangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 ali ndi bokosi la ayisi lomwe opanga analiika pomwe panangotsala malo. Kawirikawiri limakhala litatsamira khoma la chipinda cha injini, mbali ina litagundana ndi chitofu, kumbuyo kwake kuli thupi la boti lomwe dzuwa limawomba tsiku lonse. Mukaboola kabowo n'kusuzumira kuseri kwa khoma loyera la mkati mwa bokosilo, mumapeza foam, thovu louma lotchinga kutentha, ya masentimita awiri kapena atatu, penapake mulibe n'komwe, ndi mphako chabe. N'chifukwa chake ayisi wa makilogalamu 10 woikidwa Lachisanu madzulo amakhala atasanduka madzi pofika Loweruka usiku.

Njira zokonzera zilipo zingapo. Ina ndi ya tsiku limodzi, ina imasiya khitchini ili bwinja kwa milungu. Zomwe zimakusankhirani njira ndi ziwiri, ndipo zonse n'zobisika: kaya foam yakaleyo idakali youma, komanso kaya pozungulira bokosilo pali mpata wolowa masentimita 10 a zotchinga kutentha.

Musanagwire sowo, gwirani sikelo

Ikani ayisi m'bokosimo kwa tsiku lathunthu kuti makoma azizire kaye. Chotsani wotsalayo, pukutani madzi, n'kuikamo buloko imodzi ya makilogalamu 12 kapena kuposerapo yomwe mwaiyeza pa sikelo. Tsekani, osatsegulanso mpaka maola 24 atakwana, kenako muiyezenso. Kilogalamu imodzi ya ayisi imamwa makilojulo 334 kuti isungunuke, choncho kilogalamu iliyonse yomwe yatha pa tsiku ikutanthauza kuti m'bokosimo mukulowa kutentha kwa mawati pafupifupi 4, usana ndi usiku.

Bwerezani muyesowo tsiku lina, koma ulendo uno injini ilire maola atatu kapena anayi ndipo chitofu chiyake monga mwa masiku onse. Manambala awiriwo akayandikana, malo alibe mlandu waukulu, vuto ndi makoma ndi chivindikiro. Akatalikirana, ndiye kuti bokosilo linakhala pamalo oipa.

Chotsatira ndi kuboola. Ndi dilu ya mamilimita 10, boolani pansi penipeni pa khoma lakunja la bokosilo, pamalo obisika monga m'kabati ya pansi pa sinki, n'kukokamo kachidutswa ka foam ndi waya wopinda. Kafinyeni ndi zala. Kakatuluka madzi, kapena kakamanunkha nguwi, iwalani njira zonse zachidule. Madzi amadutsitsa kutentha kuposa mpweya maulendo oposa 20, ndiye foam yonyowa ili ngati bulangete lonyowa, ndipo mkati motsekeka chonchi siidzauma. Boolaninso pena pawiri, cha pakati ndi cha pamwamba, n'kulowetsa waya wowongoka kuti mudziwe mpata womwe ulipo pakati pa bokosi ndi makabati.

Kuchindikala kumagula chiyani

Titenge bokosi la masentimita 60 m'litali, 40 m'lifupi ndi 50 kuya, lomwe ndi malita 120. M'boti muli madigiri 30, m'bokosi madigiri 4. Likakutidwa ndi masentimita 5 a foam wamba yoyera yamikanda, lilowetsa mawati pafupifupi 37, kutanthauza ayisi wa makilogalamu 9 kapena 10 pa tsiku. Bokosi lomwelo mukalikuta ndi masentimita 10 a XPS, bolodi ya foam yosalala ndi yolimba, mawati amatsika kufika pa 16, ayisi makilogalamu 4 ndi pang'ono. Mukafika masentimita 15, ndi mawati 12, ayisi makilogalamu 3 ndi pang'ono.

Onani mmene phindu likucheperachepera. Kuchoka pa 5 a foam yoyera kufika pa 10 a XPS mwapulumutsa makilogalamu oposa asanu pa tsiku. Kuchoka pa 10 kufika pa 15 mwapulumutsa imodzi yokha, pamene bokosi lakula masentimita 10 mbali iliyonse yomwe mungaliyeze. Chimodzi chomwe chimachititsa n'choti mukamachindikalitsa khoma, kunja kwa bokosi nakonso kumakula, ndiye kutentha kumapeza polowera pambiri. Masentimita 10 ndi pomwe eni maboti ambiri ayenera kuima. Masentimita 15 asungireni pansi pa bokosi ndi khoma loyang'ana injini, kapena ngati mukufuna kuti mbali ina idzakhale youmitsira nyama. Manambalawa ndi a papepala. Kutsegulatsegula ndi kuika zakumwa zofunda kumawonjezera pamwamba pake.

Kuthira foam yamadzi kunja kwa bokosi

Iyi ndiyo njira yosagumula kanthu. Mumaboola mabowo m'makabati ozungulira n'kuthiramo polyurethane ya zigawo ziwiri, ya mtundu wolemera makilogalamu 32 pa kiyubiki mita. Mumasakaniza muyeso wofanana, kutakasa mwamphamvu masekondi 20 kapena 25, n'kuthira isanayambe kutupa. Lita imodzi ya zosakanizazo imatupa kufika malita 25 kapena 30 kukakhala kofunda. Kukazizira imatupa pang'ono ndipo imachita ulesi, choncho zitinizo zikhale pamalo ofunda usiku wonse musanayambe.

Ubwino wake ndi woti imalowa m'makona okhotakhota momwe bolodi singalowe, makamaka pakati pa bokosi ndi thupi la boti. Zoipa zake n'zambiri ndithu. Ikamatupa imakankha ndi mphamvu yoti n'kupinda khoma la bokosi kapena kutukula tebulo la pamwamba, ndiye mkati mwa bokosi muzichirikiza ndi matabwa, ndipo muzithira pang'onopang'ono, theka la lita ulendo umodzi, n'kudikira mphindi 15 kapena 20 kuti iume ndi kuzizira musanathirenso. Imapeza kampata kalikonse. Mukaiwala kumata ming'alu ndi tepi, mudzaipeza itatulukira m'kabati ya mbale kapena itatseka timabowo toyendamo madzi opita ku bilge, kunsi kwenikweni kwa boti komwe madzi amadikha. Mawaya a magetsi okwiririka mu foam sataya kutentha kwawo, ndipo tsiku lofuna kuwasintha simudzawakoka. Alowetseni kaye m'paipi, ndipo paipi ya gasi isakwiririke n'komwe. Choipitsitsa n'choti simuona zomwe mwachita. Pakhoza kutsala mphako pansi pa bokosi, pomwe kuzizira kumadikha, inu n'kumaganiza kuti mwamaliza.

Foam ya m'kachitini yofayira ija musaidalire pantchito imeneyi. Imauma ndi chinyezi cha mumpweya, ndiye m'mphako yotsekeka pakati pake pamakhala phalaphala kwa nthawi yaitali, komanso imamwa madzi. Ntchito yake ndi kutseka timipata ting'onoting'ono basi.

Njirayi ndi yoyenera ngati foam yakale ndi youma ndipo waya uja wasonyeza mpata wa masentimita 5 kapena kuposa mbali zambiri.

Kukuta mkati

Apa bokosi lakale limakhala momwe lilili, inu n'kumata mabolodi mkati mwake ndi kupanga khoma latsopano la galasi (nsalu ya ulusi wa galasi) ndi epoxy, guluu wolimba wosakaniza zigawo ziwiri, pamwamba pake. Makabati simuwakhudza, ndipo zonse zomwe mukuchita mukuziona ndi maso. Malipiro ake ndi malo. Bokosi lathu la malita 120 mukalimata masentimita 5 pamakoma anayi ndi pansi, litsala 50 ndi 30 ndi 45, omwe ndi malita 68. Mukamata masentimita awiri ndi theka, litsala malita 91.

Musathamangire kuikana chifukwa cha zimenezi. Mabokosi akale ankapangidwa aakulu dala kuti theka lake likhale la ayisi, ndipo ambiri ndi akuya moti dzanja silifika pansi. Pakamwa pa bokosi mpaka pansi pasamapitirire masentimita 55 kapena 60. Ngati lanu ndi lakuya kuposa apa, masentimita 10 a XPS pansi pake sakukulandani chilichonse chomwe mumagwiritsa ntchito. Ndipo ayisi akamatha pang'onopang'ono, mumanyamula wochepa.

Chovuta ndi denga la bokosi, kunsi kwa tebulo, mozungulira pakamwa. Opanga ambiri sanaikepo kanthu, ndi plywood yokhayokha. Kumata foam mozondoka, dzanja litalowa pakabowo ka masentimita 30, ndi ntchito yotopetsa, koma mukapalumpha pamenepa mwasiya chitseko pululu. Dulani mabolodi m'zidutswa zolowa pakamwapo, pakani epoxy yokhuthala, chirikizani ndi timitengo mpaka igwire. Bowo lakale lotulutsira madzi litsekeni ndi epoxy kapena litalikitseni ndi kapaipi kofika pansi patsopano, ndipo matani mozungulira bwinobwino. Madzi akalowa pakati pa khoma lakale ndi latsopano, fungo lake silidzachoka.

Kukuta mkati kumathandiza ngakhale foam yakunja ili yofooka, koma sikuchiza yonyowa. Iyo ipitiriza kuwoletsa plywood ya makabati mwakachetechete.

Kugumula n'kumanganso pomwepo

Mumachotsa tebulo la khitchini, nthawi zambiri pamodzi ndi sinki, n'kudula bokosi lakale m'zidutswa, kupala foam yonse mpaka kuonekera thupi la boti. Mapaipi, mawaya ndi kakonzedwe ka khitchini sizisintha, ndipo wophika amapeza bokosi pomwe dzanja linazolowera. Ngati dzenje lomwe latsalalo lingakupatseni masentimita 10 mbali zonse ndi malita okukwanirani mkati, imani pomwepa.

Anthu amaopa kwambiri khoma la injini, koma tawerengani. Khoma la masentimita 60 ndi 50, kuseri kwake kuli madigiri 55, likakhala ndi masentimita 5 a foam yakale lilowetsa mawati 12 palokha. Khoma lomwelo ndi masentimita 15 a XPS lilowetsa mawati 3. Injini ndiye si chifukwa chokwanira chosamutsira bokosi ngati mpata wa masentimita 15 ulipo. Kumbali ya injiniko matani chotchinga chokhala ndi aluminiyamu wonyezimira moyang'ana injiniyo, ndipo chikhale cha mtundu wosagwira moto msanga. XPS isaonekere poyera m'chipinda cha injini, chifukwa imafewa kutentha kukapitirira madigiri 75 ndipo imayaka.

Kusamutsa

Mumasamutsa bokosi pamene malo akalewo sangapereke zonse ziwiri, makoma ochindikala ndi malita okwanira. M'maboti a mamita 8 kapena 9 zimenezi zimachitika kawirikawiri, chifukwa bokosi limakhala litapanikizika pakati pa injini, chitofu ndi thupi la boti lomwe limapendekera mkati chakumunsi.

Pansi pa benchi yokhalira ndi pomwe ambiri amayamba kuganiza. Ndi pansi, pamathandiza boti kukhazikika, ndipo thupi la boti pamenepo limakhala m'madzi, kotero silitentha kuposa madziwo. Kusiyana kwake ndi kwakukulu, pakuti thupi lopakidwa penti yakuda kapena ya buluu wakuda, pamwamba pa madzi, limatentha padzuwa moti dzanja silikhalitsapo. Koma pansi pa benchi ndi posaya, ndiye bokosi limatuluka lalitali ndi lophwatalala. Malita 120 m'bokosi la 100 ndi 60 ndi 20 ali ndi makoma okulirapo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi poyerekeza ndi bokosi lathu lija, ndipo kutentha kolowa kumakwera chimodzimodzi. Pamwamba pa izo, kuti mutenge batala muyenera kudzutsa yemwe wagona pabenchipo ndi kutukula khushoni. Malo amenewa ndi abwino kusungira ayisi ndi chakudya cha ulendo wautali, chotsegulidwa kamodzi pa tsiku.

Pansi pa tebulo la mamapu, moyang'anana ndi khitchini, pamakhala pakuya bwino ndipo bokosi limatuluka lofanana mbali zonse, lomwe ndi losataya kwambiri. Wophika amangotembenuka n'kufika. Kumeneku kumakonda kukhala mawaya ambiri, tchaja ya mabatire ndi inverter yosandutsa magetsi a batire kukhala a m'nyumba, zomwe zimatulutsa kutentha ndipo zimadana ndi chinyezi, ndiye ziyenera kusamuka kapena kutalikirana ndi bokosi. Tebulo lenilenilo likhoza kukhala chivindikiro, bola muvomereze kuti mamapu azichoka kaye munthu akafuna mkaka. Pa malo onse, awa ndi omwe nthawi zambiri amapindula.

Pakati pa boti, pansi pa tebulo lodyera kapena kumapeto kwa khitchini yotulukira pakati, ndi pabwino zedi ngati boti lili ndi malo. Palibe khoma lokhudza thupi la boti, kugwedezeka ndi kochepa, ndipo kulemera sikupendeketsa boti. Bokosilo limangidwe zolimba ku nthiti za pansi ndi mabawuti, chifukwa anthu adzaligwira ndi kuligwera mafunde akakula.

Kabati ya kunja, pansi pa mpando wa owongolera, ikukopani chifukwa ayisi amalowa osadutsa m'nyumba. Ikaneni. Dzuwa limawomba pamwamba pake, madzi a mvula ndi a mafunde amalowera m'mbali mwa chitseko, ndipo kulemera kumapita kumbuyo kwa boti.

Pomwe mwasankhapo, yesani kaye kulemera. Bokosi, ayisi ndi chakudya pamodzi zikhoza kufika makilogalamu 60. Ikani zigubu zitatu za malita 20 zodzaza madzi pamalowo, chotsani zonse m'bokosi lakale, n'kukaima padoko kuyang'ana pomwe madzi akulekezera pa thupi la boti. Boti laling'ono limaonetsa msanga. Pangani bokosi la makatoni la muyeso wakunja, muliike pamenepo, muone ngati zitseko zikutseguka ndi ngati mukufikabe pa mavavu a pansi pa boti. Vavu yomwe simungaifikire mumdima ndi dzanja limodzi ndi ngozi yoposa ayisi wosungunuka. Khoma lililonse lomwe pamangidwa zitsulo zogwira zingwe za mlongoti, kapena lomwe lasenza mlongotiwo, musalidule, ngakhale kudula galasi yomwe yalilumikiza ku thupi la boti.

Pali njira ina yosamutsira yopanda epoxy: kugula firiji yonyamula yoyendera batire la 12 V, monga za Engel kapena Dometic, n'kuimangirira pa thireyi yokoka, bokosi lakale n'kulisandutsa kabati ya zouma. Ntchito yake ndi yochepa ndipo ikawonongeka mumangoinyamula kupita nayo kumtunda. Makoma ake ndi opyapyala, imafuna mpweya woyenda kumene kuli kompuresa, kamakina kake koziziritsa, ndipo chinthu chamakona anayi m'boti lokhotakhota chimawononga malo. Kwa woyenda masiku awiri kapena atatu ndi yokwana. Kwa wokhala milungu kutali ndi magetsi a padoko, bokosi lomangidwa bwino limadya mabatire pang'ono.

Zokutira zake

Nambala yofananitsira ndi ya kadutsidwe ka kutentha, mu W/mK, ndipo yocheperapo ndiyo yabwino. XPS, bolodi yosalala ya buluu kapena ya pinki monga Styrofoam, ili pa 0.03 kapena kupitirira pang'ono. Si yoposa zonse papepala, koma siimwa madzi kwenikweni, ndipo m'boti chimenechi n'chomwe chimasunga ntchito yanu zaka zambiri. Imadulika ndi mpeni kapena sowo ya mano ang'onoang'ono. Chenjezo lake ndi limodzi lalikulu: polyester resin, utomoni womangira maboti a galasi, imaisungunula nthawi yomweyo, chimodzimodzi guluu wokhala ndi thinala. Epoxy yokha ndiyo ikhudze XPS.

Polyisocyanurate, bolodi yachikasu yokhala ndi aluminiyamu mbali zonse, ili pa 0.023 kapena 0.025, ndiye masentimita 8 ake amagwira ntchito ya masentimita 10 a XPS. Imamwa madzi m'mbali modulidwa, kotero m'mphepete monse muyenera kumata tepi ya aluminiyamu. Ambiri amaiika pamakoma ndi pachivindikiro, pansi n'kuikapo XPS, ndipo nzeru imeneyi ndi yabwino. Foam yoyera yamikanda ili pa 0.035 mpaka 0.04 ndipo madzi amayenda pakati pa mikandayo. Ubweya wagalasi woika kudenga la nyumba usalowe n'komwe m'boti. Pulasitiki wamatuza wonyezimira uja amabweza kutentha pokhapokha patsogolo pake pali mpata wa mpweya. Mukamupanikiza pakati pa mabolodi wangokhala chotchinga nthunzi.

Malo akachepa zedi pali ziwiri zodula. Aerogel, monga Spaceloft ya Aspen Aerogels, ndi ngati bulangete la mamilimita 5 kapena 10, ili pa 0.015, imapindika motsatira thupi la boti. Imatulutsa fumbi louma loyabwa, valani chotseka pamphuno, ndipo nthunzi imadutsamo, choncho ikulungidwe mu pulasitiki. Mapanelo a vacuum, ochotsedwa mpweya mkati, ali cha pa 0.007 akakalamba pang'ono, kutanthauza kuti masentimita awiri ndi theka akufanana ndi 10 a XPS. Sadulidwa, mumaitanitsa pamuyeso wake. Sikuluwu imodzi ikaboola, mpweya umalowa ndipo panelo imasanduka chotchinga wamba, inu osadziwa popeza yakwiririka. M'mphepete mwake mumadutsanso kutentha, ndiye pa bokosi laling'ono la makona achilendo phindu limachepa. Mukawagwiritsa ntchito, apanikizeni pakati pa timabolodi ta XPS ta sentimita imodzi, ndipo jambulani pomwe ali kuti wina asadzakhomepo shelefu.

Kamangidwe, kuyambira kunja

Nthunzi imayenda kuchoka kofunda kupita kozizira, n'kusanduka mame ikafika pozizirapo. Chotchinga nthunzi chikhale kunja kwa foam, kumbali yofunda. Dzenje lonse lipakeni epoxy maulendo awiri, kenako yalani pulasitiki wa mamilimita 0.15, zidutswa zikwerane masentimita 10 ndi kumatidwa tepi. Kumbali ya thupi la boti siyani kanjira koti mame a pathupipo ndi madzi odontha kuchokera pamwamba atsikire ku bilge, asadikhe kuseri kwa bokosi.

Mabolodi ikani m'magawo awiri a masentimita 5 m'malo mwa limodzi la 10, mizere yolumikizana isakumane pamodzi, m'makona ilukane ngati njerwa. Mpata uliwonse woposa mamilimita awiri muutseke. Pansi papendekere pang'ono kuloza pakona yomwe padzakhale bowo la madzi.

Khoma lamkati lingakhale plywood ya m'madzi ya mamilimita 6 yokutidwa magawo awiri a nsalu ya galasi ya magalamu 200 pa sikweya mita, kapena galasi yomatidwa pa foam penipenipo, magawo atatu pansi pomwe buloko ya ayisi idzagwere. Zidutswazo ndi bwino kuzikutira zili chigonere pa tebulo, n'kudzazilumikiza m'bokosi. Makona onse azungulizeni ndi epoxy yokhuthala, kusalaza ndi kumbuyo kwa supuni, kuti nsanza izifika popukuta. Epoxy ikauma imasiya kamafuta pamwamba, katsukeni ndi madzi musanapale ndi sandipepa, apo ayi gawo lotsatira lidzasupuka. Malizani ndi epoxy yosakaniza utoto woyera, n'kusiya chotsegula sabata yathunthu chakudya chisanalowe. Khoma la chitsulo chosachita dzimbiri ndi lokongola, koma chitsulo chikafika pakamwa n'kukhudza tebulo chimakokera kutentha mkati. Chilekezeni m'munsi, pakamwapo pakhale galasi kapena thabwa.

Chivindikiro ndi bowo la madzi

Mpweya wozizira ndi wolemera. Bokosi lotsegula pamwamba limausunga ngati madzi m'ndowa, pamene chitseko cha kutsogolo chimaukhuthula nthawi iliyonse, ndipo boti likapendekera kumbali yakeyo zinthu zimakugwerani pamapazi. Chivindikiro chikhale ndi masentimita 7 kapena kuposa a foam, m'mbali mwake mopendekera pang'ono kuti chisakakamire, ndi timizere tiwiri ta labala, kamodzi pamwamba kena pa sitepe ya m'munsi. Chigaweni pawiri ngati pakamwa ndi papakulu, kuti muzitsegula theka. Chikhale ndi loko. Boti likagona chammbali, chivindikiro chongokhazika chimauluka, ayisi n'kuchitsatira. Kuyesa labala n'kosavuta: ikani tochi yoyaka mkati usiku, tsekani, yang'anani potulukira kuwala. Kapena panikizani kapepala, mukakakoka n'kutuluka mosavuta pamenepo pakudutsa mpweya.

Bowo la madzi limataya kuzizira mwakabisira. Paipi yolunjika pansi imakhala ngati chumuni chozondoka, mpweya wozizira n'kumatsika usiku wonse, wofunda n'kumalowa pachivindikiro. Pindani paipi ya mamilimita 12 kapena 16 ngati chilembo cha U kuti mutsale madzi otseka njira, kapena ikani kavavu. Madziwo asapite ku bilge, chifukwa amakhala ndi magazi a nyama ndi mkaka wotayika, ndipo pakatha masiku atatu boti lonse limanunkha. Alowe m'kachigubu kotsekeka, kapena muwakoke ndi pampu yopondera kupita mu sinki. Paipi isalumikizidwe mwachindunji ku bowo la pansi pa boti, pakuti boti likapendekera madzi akunja akhoza kubwerera m'bokosi. Ena amasiya osaboola n'komwe, paipi ya pampu n'kulowera chapamwamba mpaka pakona ya pansi. Imeneyi ndi njira yaukhondo, chifukwa pansi pa bokosi sipakhala potayikira. Ayisi akhale pa kathandala kotukuka masentimita awiri kuti asamire m'madzi ake.

Ngakhale lero mukudalira ayisi, siyani kapaipi ka masentimita 4 pamwamba pa khoma limodzi, kotsekedwa ndi foam, kodzadutsamo mapaipi a kompuresa. Makina ang'onoang'ono ambiri a m'maboti amayendera Secop BD35F, yomwe kale inkatchedwa Danfoss, ndipo amabwera ndi mapaipi odzaza kale gasi a mamita awiri kapena atatu, choncho posankha malo a bokosi onaninso ngati pafupi pali kabati yopita mphepo. Kompuresa yotere imachotsa kutentha kwa mawati pafupifupi limodzi ndi theka pa wati iliyonse yomwe yadya. Bokosi lolowetsa mawati 37 lidzadya cha pa 47 Ah (muyeso wa magetsi otuluka m'batire) pa tsiku, lolowetsa 16 lidzadya cha pa 21 Ah.

Epoxy ikakhwima, bwerezani muyeso wa buloko uja pa tsiku lotentha mofanana ndi loyamba. Bokosi la malita 120 la masentimita 10 likadya makilogalamu oposa 6, yambirani pa tochi ndi chivindikiro, kenako paipi ya madzi, kenako yendetsani chikhatho kunja kwa makabati m'mawa kwambiri kufufuza pozizira kapena pochita thukuta.